Mimba Zinayi za Rakiya

Rakiya anapita padera kanayi, ndipo ulendo wachinayiwo anataya magazi ambiri moti azimayi anzake a mumzinda wa Zaria anayamba kale kumulira. Atachira, dokotala anayeza magazi a onse awiri, iye ndi mwamuna wake Sagir.

"Mayi, chiberekero chanu chilibe vuto," anatero dokotala. "Vuto lili m'chibadwa cha bambowa. Tizigawo tiwiri tinasinthana malo asanabadwe. Iwo sadwala nazo ayi, koma mimba zambiri zochokera kwa iwo sizikhala. Ina ikhoza kudzakhala, sindingalonjeze."

Ali panjira, Sagir anangoti, "Amayi akamva zimenezi, iwe ubwerera kwanu."

Mwamunatu ameneyu ankaopa manyazi kuposa maliro. Sipanapite nthawi, anabwera ndi sutikesi ya nsalu zatsopano, mphatso imene mkazi wamkulu amapatsidwa pouzidwa kuti kukubwera mkazi wachiwiri. Apongozi anali atasankha kale Jummai, mwana wa mchimwene wawo, mtsikana amene Rakiya ankamuluka tsitsi kuyambira ali wamng'ono.

Rakiya anagwidwa ndi mantha. Akanena, banja latha, nanga kwawo akadya chiyani? Akakhala chete, mwana wa eni adzagona pamkeka ngati mmene anagonera iye, magazi ali chuchuchu, galimoto yopita kuchipatala osaoneka.

Ukwati utayandikira, Jummai anabwera yekha kudzapempha kuti Rakiya amujambule maluwa m'manja ndi utoto wa akwatibwi wotchedwa lale.

"Akulu, mizere ikukhotatu iyi," anaseka Jummai. "Mundilembe maluwa, osati mapazi a nkhuku!"

Rakiya anayang'ana kukhomo. Apongozi anali kuseri, akusinja tsabola.

"Jummai, mng'ono wanga, tamvera," ananong'ona. "Mimba zanga zija sizinkachoka chifukwa cha ine. Adokotala anapeza kuti vuto lili m'magazi mwa bambo a m'nyumba muno. Zikhoza kukuchitikira nawenso. Ine ndinatsala pang'ono kufa. Uwauze akwanu akafunse kuchipatala usanalowe muno."

Mtondo kuseri kuja unasiya kulira.

Jummai anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, nalipukuta pansalu, maluwa asanaume. Nkhope yake inali yachisoni, osati yaukali.

"Pepani, akulu," anatero. "A Sagir anandichenjeza kale kuti mudzanena zimenezi."