Dziwe la Abson

Abson anavula malaya n'kundiponyera, kenaka anakwera pathanthwe lalitali la m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe. Ine ndinatsala pansi, mwana wathu Lister ali kumsana. Linali dzinja. Madzi anali ofiira ngati phala la mawere, moti ukaviikamo dzanja zala sizinkaoneka.

"Atate a Lister, bwanji osayamba mwapondamo?" ndinafunsa.

"Niponde chani? Apa nipamene ninaphunzilira kunyaya. Olo amuna atatu akwelane pamapewa, wapamwamba sangaoneke mutu."

Mwamuna wangayo anachoka kwawo ali mnyamata kupita ku migodi ya ku Luanshya, komwe anandipeza ine wa ku Katete. Ntchito itamuthera tinamvera zimene wailesi inkanena tsiku ndi tsiku, zoti anthu abwerere kumunda. Tinali titafika dzulo lake. Za dziwe la pansi pa thanthweli, m'mene anaphunzirira kusambira, ndinali nditazimva kambirimbiri m'kanyumba kathu ka kumigodi, ndipo iye anafuna kundionetsa tisanamasule n'komwe katundu.

Analumpha, mutu patsogolo. Phokoso lake linali ngati la thumba la chimanga likagwa pangolo. Miyendo inaima kunja kwa madzi kanthawi, kenaka inagwera chammbali. Ndinathamangiramo mwana ali kumsana komweko. Madzi anandilekeza m'mawondo.

Mkulu wake wa Abson, Yoramu, ndiye anabwera ndi ngolo ya ng'ombe atamva kukuwa kwanga. Tinamugoneka Abson pachitseko chimene tinazula kunyumba. Pamsewu waukulu tinaimitsa lole ya makala yopita ku Lusaka. Asilikali otchinga msewu anatifunsa zitupa, mmodzi n'kusuzumira, n'kufunsa ngati munthuyo waledzera. Abson anali maso, akuyang'ana mitambo.

"Mulamu, nenze ninaiwala kumuuza," anatero Yoramu, titakhala pamatumba a makala. "Ife tinazolowela. Anthu anatema mitengo kumtunda uko, makala, minda mpaka m'mbali mwa madzi. Chaka na chaka mvula ikokolola, mtsinje ubwela kutula mchenga apa. Dziwe silinazale tsiku limozi. Nanga chinthu chamene uona masiku onse, ungakumbukile kuti ni nkhani?"

Ine ndinkagwira mutu wa Abson kuti usagwedezeke pamabampu.

Kuchipatala anati fupa la khosi lathyoka. Anakhalako mpaka chimanga chinauma m'minda. Anabwerako miyendo itafa, manja akugwira pang'ono chabe, moti kapu ankainyamula ndi zikhatho zonse ziwiri. Abale anga analamula kuti ndibwerere ku Katete, koma ndinakhala. Sindinganene kuti ndinasankha mwakuganiza. Panali munthu wofunika kumutembenuza pamphasa, mwana wofunika kudya, ndi munda umene Yoramu anatigawira.

Ndinauphunzira mtsinjewo chifukwa ndinkatungamo. M'dzinja ndowa ukaisiya pakhonde, pansi pake pankatsala matope okhuthala ngati chala. M'chilimwe madzi ankayera mbee, koma ankasiyabe zoyera zolimba m'ketulo, ndipo sopo sankachita thovu. Chilichonse chochokera kumtunda chinkadutsa pathu, china n'kutsala. Patapita zaka, m'mbali mwa pamene panali dziwe munamera bango, ndipo m'mphepete mwake ndinatsegula dimba la repu ndi tomato. Zinkabereka bwino. Ndizo zinagulira Lister yunifolomu.

Abson sankatchula za mtsinje. Koma chilimwe china, Lister atayamba kale sukulu, anaitana mkulu wake.

"Ba Yoramu, nipelekeni kuja. Mutenge na nsungwi, yaitali maningi."

Tinamukweza pawilibala, titayalamo mabulangete. Mtsinje unali utaphwa, madzi akuyenda m'kangalande kakang'ono kutsidya. Pansi pa thanthwe lija panali mchenga wokhawokha, wodzaza ndi mapazi a mbuzi.

"Apo," anatero Abson, akuloza ndi chibwano. "Lasani apo."

Yoramu anasongola nsungwi n'kuizika. Anaigwedeza, naikankha, ine n'kumathira madzi m'dzenjemo kuti mchenga ufewe. Nsungwiyo inalowa mpaka pakati pake, nipitirira. Yoramu anatuluka thukuta, anapuma, nayambanso. Pomaliza anaigonera ndi chifuwa, ndipo kunja kunatsala kachidutswa kosakwana mkono, nsungwiyo isanagunde mwala.

Abson anayang'ana kachidutswako nthawi yaitali, kenaka anatembenuzira maso kwa ine.

"Amake Lister, mwaona? Sininaname. Penze patali."

"Naona," ndinatero.

Yoramu anayesa kuizula nsungwi ija koma inakana. Tinaisiya pomwepo. Pobwerera gudumu la wilibala linkatitimira mumchenga, choncho ine ndinagwira kutsogolo, Yoramu kumbuyo, tinamunyamula mpaka pamtunda.