Nyumba Yosanja ya Lorenso

Lorenso adachoka ku Chinde, komwe ankagwira ntchito pa sitima za pamadzi, ali ndi chipewa, ndevu zopota ndi ganizo limodzi: kumanga pa Chiromo nyumba yonga ya amalonda a kunyanja, sitolo pansi, pogona pamwamba.

Ndipo adamangadi. Njerwa zootcha, malata ong'anima mpaka kutsidya kwa Shire, khonde la m'mwamba lotchinga ndi matabwa osema, makwerero okwera chokhota. Ankati Shire akadzasefukira, iye adzaonera ali pakhondepo, tiyi m'manja. Adalamulanso kuti anthu azimutchula Sinyoro, monga amatchulira mabwana ku Chinde. Ena ankakumbukira.

Sitolo idatsegulidwa nyengo yogulitsa thonje, alimi ali ndi kanthu m'thumba. Nsalu, makasu, mchere, zonse zili mbwee. Amuna ankafika, kuima pabwalo, kutama malata, n'kupita kukagula kwa Mmwenye.

Mtima utamuwawa, Lorenso adagwira mkono Geresomo, mlimi amene adakulira naye limodzi.

"Iwe, lowa. Khasu lija ukulifuna, ndakuona."

"Ndikulifuna, Sinyoro. Unditulutsire kuno."

"Sitolo ili ndi khomo!"

"Ili nalo, lokongola. Koma tamvera."

Pamwamba matabwa adalira, gu, gu, gu. Anali Otilia, mkazi wa Lorenso, akusesa.

"Ine kwathu mkazi sandilumpha ngakhale mwendo," adatero Geresomo. "Ndiye ndigule khasu alamu akundiyenda pamutu?"

Lorenso adalongosola za ku Chinde, za Azungu amene amagona pamwamba pa anzawo koma osadwala, za kukhuthala kwa matabwa ake. Geresomo adamvetsera mwaulemu ndithu, ali panja.

Thonje linkatha, katundu akuchita fumbi. Tsiku lina Lorenso adakwera makwerero ake, atakonza mawu ambiri onyengerera.

"Mayi a nyumba, mwina mutsike pang'ono, anthuwa azolowere kaye."

Otilia sadadikire mawu enawo. Anali atatopa kale kukweza mitsuko ya madzi pa makwerero okhotawo. Adatsitsa mphasa, ana ndi miphika, n'kukhazikika m'chipinda cha katundu kuseri kwa sitolo. Amuna adayamba kulowa, makasu n'kuyenda. Lorenso adatsala m'mwamba yekha, ndipo adauza aliyense kuti ndimo adakonzera kuyambira pachiyambi.

Mbiri idafika kwa Tengani, kwawo kwa Otilia, kuti tsopano akukhala pansi ngati munthu. Apongozi ake a Lorenso, amayi Esinala, amene adakana kale kukwera nyumba ya m'malere, adamanga katundu n'kubwera kudzaona zidzukulu.

"Bambo," adatero Otilia, "amayi afika. Simungakhale pamutu pawo."

"Nyumba ndi yanga!"

"Ndi yanudi. Koma tsikani msanga, asanayale mphasa patsinde pa makwerero. Mukakumana maso ndi maso, manyazi ake ndi anu."

Mwamunayo adachedwa ndi kutsutsa, mphasa n'kuyalidwa. Lorenso adatsikira pakhonde, akutsetsereka pa mzati, chipewa atachiluma.

Kuseri kunali chisakasa cha udzu chomwe amisiri ankabisalamo dzuwa pomanga. Adati agonamo mpaka apongozi atabwerera kwawo. Amayi Esinala adaona kuti chipinda cha njerwa n'chozizira bwino, ndipo za kwa Tengani sadazitchulenso.

Sitolo idayenda. M'mwamba mudalowa nkhunda. Alendo otsika sitima ankaima n'kufunsa mwini nyumba yokongola chotere, ndipo Geresomo ankawalozera mokondwa.

"Sinyoro? Zungulirani kuseri. Muwerame polowa."