Galu Amene Analeka Kuuwa

Galu wa a Dickson analeka kuuwa Lolemba. Anthu a pamudzi paja, cha ku Mpama, anangoti zakhala bwino, makutu apumeko. Komatu galu wolusa akangoti zii, umenewo si mtendere ayi. Muziopa.

Dzina lake anali Mudzatopa. Kwa zaka zitatu ankathamangitsa ana opita ku madrasa ndi kung'amba zitenje za amayi ochokera kumjigo. Anthu akadandaula, a Dickson, amene ankapalasa kabaza, ankangoseka. "Galu wofatsa ndi wantchito yanji? Njinga yanga azilondera ndani?" A katemera akafika pasukulu, iwo ankamubisa m'bafa, ati jakisoni amafoola galu n'kumusandutsa nkhosa.

Lachitatu kunacha ndi chiperoni. Phiri la Chiradzulu silinkaoneka, nkhungu inatsika mpaka m'minda ya nandolo. Shamsa Abiti Halidi, mkazi wa Che Abdulhamid, amene nyumba yawo inangolekana ndi ya a Dickson pa mpanda wa udzu, anali pakhonde akusankha nyemba. Chona wake Sukali anali atagona pamphasa pambali pake. Chona ameneyu anamulera yekha maso asanatseguke, ndipo chaka chathachi anamunyamula m'dengu kupita naye kukatemera, anthu akumuseka njira yonse.

Sanamve mgugu uliwonse. Anangodzutsa mutu n'kuona galu ataima pakati pa bwalo, ngati wachita kutuluka m'nkhungu momwemo. Mutu uli pansi, kukamwa kuli yasa, dovu likulendewera ngati ulusi. Ankamuyang'ana Shamsa monga sanamuonepo chibadwire.

"Choka," anatero Shamsa chapansipansi.

Galu sanauwe, sanang'ung'udze. Anangolumphira pakhonde n'kumugwira Sukali mwendo wakumbuyo. Shamsa anatola musi n'kumukhoma nawo pamsana, dzanja linalo likukoka chona. Galu anataya, natembenuka n'kumapita chopepeluka. Pampanda anaima n'kuyamba kutafuna mwala. Kulira kwa mano pamwala paja kunamveka mpaka pakhonde.

Apo mpamene Shamsa anaona pamkono pake. Dzino linali litangomupala, kabala kakang'ono ngati kocheka udzu, koma dzanja lonse linali noninoni ndi dovu.

Anachita monga amayi ake anamuphunzitsira. Malovu a galu ndi najisi, chinthu chodetsa, munthu sungaswali nawo. Anatunga madzi mumtsuko nasamba kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, akuwerenga bwinobwino kuopa kulumpha. Atatha, mtima unakhala pansi. Anamanga mwendo wa Sukali ndi kansalu n'kumugoneka m'dengu.

Che Abdulhamid atabwera kuchokera kudimba n'kuona magazi pamphasa, sanalankhule zambiri.

"Abiti Halidi, tapirira mokwana. Poizoni wa tameki pang'ono m'matumbo a mbuzi, basi. Akafa ndikamukwirira kudambo, palibe adziwe. Mwini wake aziti wasochera."

Shamsa sanavomere, koma sanakanenso. Anangotenga ndowa n'kulowera kumjigo.

Kumjigo anapeza a Ruth, alangizi a zaumoyo, amene anthu onse amangowatchula kuti adokotala. Ankagawira amayi mankhwala othira m'madzi akumwa. Shamsa atatambasula dzanja kuti alandire, iwo anamugwira mkono.

"Abiti Halidi, chakuchekani apa n'chiyani?"

"Si kanthu, adokotala. Dzino la galu langondipala polanditsa chona. Ndasamba kale kasanu ndi kawiri, ndi dothi lomwe."

"Galu wa ndani?"

"Wa a Dickson."

"Uja akuti wasiya kuuwa uja?"

Mayi amene ankapopa mjigo analeka. Panangomveka madzi akudontha mundowa.

A Ruth anatulutsa sopo m'chikwama. "Kusamba mwasambako sindikukutsutsa, kwakuyeretsani kuti mukaswali. Koma chimene chalowa kunsi kwa khungu sichichoka ndi kasanu ndi kawiri. Ikani dzanja apa. Mayi, popani, musaleke mpaka nditanena."

Anatsuka bala lija ndi sopo, madzi akuyenda, mphindi khumi ndi zisanu, akuyang'ana nthawi pafoni. Dzanja linachita dzanzi ndi kuzizira.

"Kabala kakang'ono chonchi?" anafunsa Shamsa.

"Chiwewe sichifuna khomo lalikulu. Sichipweteka polowa. Chimagona m'thupi mwezi, mwina miyezi itatu, bala litapola kale, inu mutaiwala. Tsiku limene munthu wayamba kuopa madzi, kuchipatala kulibenso chomuchitira. Jakisoni ndi wa lero, osati mawa."

Shamsa anakumbukira ali kamtsikana ku Magomero, bambo wina amene anamutsekera m'nyumba zenera atakhomera. Akamulowetsera kapu ya madzi pansi pa chitseko, ankalira ndi mawu amene sanali a munthu. Akuluakulu ankati anamulodza. Zoti galu anamuluma nthawi yokolola palibe amene anazikumbuka.

"Adokotala," anatero Shamsa, "abambo kunyumba akukonza tameki."

Ndowa anaisiya pomwepo, nathamangira kunyumba limodzi ndi a Ruth. Anapeza Che Abdulhamid atanjuta pampanda, matumbo ali patsamba la nthochi.

"Che Abdulhamid, imani kaye," anatero a Ruth. "Mukamupha n'kukamukwirira mobisa, mukwirira ndi yankho lomwe. Tidziwa bwanji ngati anali wachiwewe? Tidziwa bwanji amene wawanyambita sabata ino? Komanso nyama ya tameki siisankha pakamwa. Itola nkhuku yanu, atola chona, atola mwana wokwawa."

"Ndiye tizingoonerera akutimaliza?"

"Ayi. Timutsekere, tiitane alangizi a ziweto. Ntchito imeneyi ili ndi eni ake."

A Ruth anaimba foni pomwepo, natumanso uthenga kuti a Dickson abwere kuchokera pasiteji. Iwo anafika thukuta lili kamukamu, nkhope itakwinya.

"Mwandichotsa pantchito chifukwa cha chona? Galu ndi chona anayamba liti kudyera mbale imodzi? Mawa mundiitanira mlandu wa khoswe."

"Bambo a Tracy," anatero Shamsa, "galu wanu amatafuna mwala. Ndamuona ndi maso angawa. Wadya liti komaliza?"

A Dickson anayang'ana kuseri kwa nyumba yawo. Mudzatopa anali gone pansi pa mtengo wa papaya, akuluma mphepo ngati pali ntchentche, pamene ntchentche panalibe.

"Chilekereni kudya ndi Lamulungu," anatero pang'onopang'ono. Kenako mawu anatsika. "Tracy ali ndi bala kuphazi, anaponda botolo. Dzana galuyu amamunyambita pomwepo. Ine ndinati malovu a galu amapoletsa."

A Dickson anatembenuza njinga, nakweza Tracy, mwana wawo wa zaka zisanu, kutsogolo. "Abiti Halidi, kwerani kumbuyoku. Gwirani zolimba, njira yaterera."

Anabayidwa onse awiri tsiku lomwelo, ndipo masiku obwereranso anawalembera m'mabuku awo a kuchipatala.

A Alufeyo, alangizi a ziweto, anafika panjinga yamoto dzuwa litapendeka. Analetsa aliyense kumuyandikira galu. Anamukola ndi chingwe cha kunsonga ya ndodo yaitali n'kumutsekera m'khola la njerwa lopanda mbuzi. Anati akhalemo masiku khumi, chakudya azichita kumuponyera, ndipo ana asafikeko.

Masiku amenewo pamudzi panali duu. Chiperoni sichinachoke. Odutsa pafupi ndi khola ankamva chitseko chikukukutidwa, ndipo nthawi zina kunkatuluka mawu osasa, ngati nkhalamba ikuitana munthu amene anamwalira kale. Shamsa m'mawa uliwonse ankatunga madzi m'kapu n'kuyamba wawayang'anitsitsa, kudzimvera ngati mtima ukuwakana.

Tsiku lachinayi m'khola munati zii, galu anali atafa. A Alufeyo anavala magolovesi, natenga mutu kupita nawo kokayezetsa, thupi n'kulikwirira m'dzenje lakuya. Yankho litabwera, anasonkhanitsa anthu pamjigo.

"Chinali chiwewe. Aliyense amene galuyu anamuluma, kumupala kapena kumunyambita pabala m'masabata awiri apitawa, anene tsopano. Manyazi asakupheni."

Anatuluka anthu awiri amene anali atangokhala chete. Nawonso anapita kukabayitsa. Che Abdulhamid anakumbukira matumbo a tameki aja. Akanakwirira galu uja kudambo, awiriwo akanadziwa bwanji? Nanga Tracy?

Sukali anapulumuka chifukwa cha dengu lija anthu ankaliseka. Shamsa anali atasunga kakhadi ka katemera m'chitini cha singano. A Alufeyo anamubayanso, natsuka mwendo, nalamula kuti akhale wotsekeredwa mpaka iwo atanena. Anatuluka wonenepa, akutsimphina pang'ono, ndipo makoswe anamudziwanso.

Shamsa ndi Tracy sanalumphe tsiku ngakhale limodzi la jakisoni. Miyezi inadutsa, mvula inagwa, nandolo anachita maluwa, onse ali bwinobwino. A katemera atabweranso pasukulu, woyamba pamzere anali a Dickson, kagalu katsopano kali pachingwe.

"Asanduka nkhosatu ameneyo," anawaseka Che Abdulhamid.

"Asanduke," anayankha. "Nkhosa sinaikepo munthu m'manda."

Tsono mverani, inu muli ndi ziweto ndi ana pakhomo. Galu wa mnzanu akaluma chiweto chanu, musalanditse ndi manja, ndipo musabwezere ndi poizoni. Dzino kapena dovu likakhudza bala, tsukani ndi sopo pamadzi oyenda mphindi khumi ndi zisanu, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kabala kachepe bwanji. Uzani mwini galu, uzani alangizi a ziweto, galuyo atsekeredwe. Agalu ndi achona azibayidwa katemera chaka chilichonse, ndipo galu wolusa azikhala pachingwe.

Shamsa mpaka lero akatunga madzi amayamba wayang'ana m'kapu kanthawi. Kenako amati Bismillah, n'kumwa onse.