Ndowa ya pa Thanthwe la Kumadzulo

Darlene Kuusisto anali atatunga madzi a m'nyanja pa thanthwe limodzimodzi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, osaphonya ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yeniyeni ya iye ndi mwamuna wake Gord inali yosamala nyali yowongolera sitima pa kachilumba kena ka kugombe la British Columbia, koma ndowa ndiye inali yakeyake. Masana alionse, nyanja ikadzaza pa kukwera ndi kutsika kwake kwa tsiku ndi tsiku, ankatsikira ku thanthwe la kumadzulo, n'kuponya ndowa ya chingwe, kuviikamo choyezera kutentha, kuyeza mchere, n'kulemba m'buku. Osamala nyali akale ankatunganso pomwepo kuyambira mu 1936, ndipo manambala amenewa ndi amene ankauza akatswiri a kumtunda kuti nyanja ikufunda pang'onopang'ono.

Lachinayi limenelo linali tsiku lake lomaliza. Makatoni anali atamangidwa kale. M'mawa mwake helikoputala imabwera kudzawatenga kuti akapume ntchito, n'kusiya banja lina. Chimene Darlene ankafuna chinali chimodzi basi: kupereka buku lopanda mpata.

Ndiye mphepo ya kum'mwera inasankha tsiku lomwelo.

Lamulo la ntchitoyo linali loti madzi atungidwe mkati mwa ola limodzi nyanja isanadzaze kapena itadzaza. Tsikulo mwayi unali kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko. Darlene anaima pamwamba pa masitepe, ndowa ili m'manja, akuwerenga mafunde. Thanthwe linkangooneka mphindi pang'ono, lakuda bii, kenako phwaa! n'kumira m'thovu.

"Iwe nkhalamba, ukatsika pamenepo ine sindikutola," anakuwa Gord kumbuyo kwake. "Msana wanga ukuudziwa."

"Unayamba wanditolapo liti? Ndi sokosi zako zomwe sutola."

"Tiye m'nyumba. Dzulo unapeza madigiri angati?"

"9.2."

"Dzana?"

"9.2."

"Nanga vuto lili pati? Lemba 9.2. Nyanja siikakusumira kukhoti."

Darlene anangomuyang'ana. Gord anakweza manja m'mwamba n'kubwerera.

Mayiyo sanasunthe. Mvula inamulowa m'khosi mpaka kumsana. Kawiri konse anatsika masitepe atatu, ndipo kawiri konse funde linamubweza. Iye sanali wamantha, koma sanalinso chitsiru. Madzi ozizira a mwezi wa Novembala sapatsa munthu nthawi yolapa.

Kutatsala mphindi khumi kuti 2 koloko ikwane, Gord anatulukira akupuma wefuwefu, atanyamula ndowa yokolopera yodzaza madzi, nkhope ili mwee ngati mphaka wagwira mbewa.

"Mayi, nayi mphatso yotsanzikira. Madzi a m'nyanja enieni, nthawi yake yeniyeni. Yeza."

"Watunga kuti?"

"M'nyanja."

"Gord."

"Ku dooko la boti. Si nyanja yomweyi?"

Dooko linali kuseri kwa chilumba, kobisika ku mphepo, kumene madzi ndi osaya ndiponso kumathira kamtsinje ka madzi a mvula. Darlene anaviikamo choyezera, n'kudikira mphindi zake ziwiri monga mwa masiku onse. Anaviikamonso chala n'kulawa.

"10.1," anatero. "Mchere wake ndi wa supu ya kuchipatala. Ndikalemba zimenezi, patapita zaka makumi atatu katswiri wina adzaswa mutu kufufuza chimene chinafunditsa nyanja Lachinayi lina. Osadziwa kuti chinali chidala china cha ndowa yokolopera."

"Ndaterereka kawiri potunga madzi amenewa, iwe!"

"Ndaona matope pa thalauzi. Zikomo."

Anamukhuthulira madziwo pa majombo. Gord analumpha n'kutukwana, kenako onse awiri anaseka mpaka kutsokomola.

Kukhitchini, Darlene anapukuta manja, n'kutsegula buku. Anayang'ana masamba odzaza ndi manambala ake, mzere ndi mzere. Pa malo a tsikulo anajambula kamzere kopingasa, pambali pake n'kulemba kuti: "Mafunde. Thanthwe silinafikike." Anayembekeza kuti mtima umupweteka, koma unangoti tswii pang'ono ngati kubayidwa ndi munga wa nsomba, basi n'kusiya. Mpata umenewo nawonso unkanena zoona.

Gord anamuikira khofi ndi buledi wa nsomba ya salimoni yowamba. "Zaka zonsezi, n'kudzagonja tsiku lomaliza," anatero. "Ndikauza aliyense kwathu ku Sointula."

"Ukawauzenso za ndowa yokolopera."

Akudya choncho wailesi ya mauthenga inalira. Anali a ku ofesi ya kumtunda: mphepo yakula, helikoputala siuluka mawa, mwina Loweruka.

Gord anayang'ana makatoni. "Miphika yonse tamanga kale!"

 Darlene anali ataima kale pa khoma, chala chili pa pepala la nthawi za kudzaza kwa nyanja.

"Mawa ndi 1:48," anatero. "Chotsa chingwe changa pa khomo apo, uchiyanike pafupi ndi mbaula. Chanyowa."