Fayilo Imene Keziya Sanatseke

Keziya anali wachangu pa kompyuta, ndipo changucho ndicho chinamugwetsa. Mafamu atatu a kampani imodzi, ku Tengwe, ku Selous ndi ku Raffingora, ankasindikiza matikiti a mabelo a fodya ndi pulogalamu imodzi. Lamulo lake linali losavuta: tsegula fayilo ya matikiti, lemba belo lako, tseka kuti anzako alowe. Koma netiweki ya ku Tengwe, kumene Keziya ankagwira ntchito, abale inu, imayenda ngati ngolo ya ng'ombe. Keziya anatopa nako kudikira, nasintha gawo la pulogalamu limene onse ankagawana, kuti fayilo ikatsegulidwa m'mawa izitsekedwa poweruka. Sanauze munthu.

Tsiku loyamba lomwelo magetsi anathima fayilo ili yotsegula. Jenereta italira, pulogalamu inakana, ati fayilo ili m'manja mwa wina. Ku Selous inakananso, ku Raffingora chimodzimodzi. Belo lopanda tikiti silikwera lole, ndipo lole ikapanda kupakira, a maricho, aganyu olipidwa pa tsiku, amabwezedwa kukomboni chimanjamanja.

Pakati pa a marichowo panali bambo ake, a Lameck, atakhala pabelo kunja kwa ofesi. Keziya ankawamva pawindo akulimbitsa anzawo mtima.

"Musadandaule, mwana wanga ali m'katimo. Zimenezi kwa iye ndi masewera."

Manyazi anamugwira mpaka thukuta. Anachotsa mwakachetechete mizere imene anaika mu pulogalamu ija, nabwezera yakale, fayilo n'kumasuka. Koma lole inali itapita, ndipo folomani anali atauza kale anthu kuti lero palibe ntchito.

A Lameck anafika pakhomo chipewa chili m'manja, anzawo ali pambuyo.

"Yakonzeka, mwanangu?"

"Yakonzeka, Baba."

"Si ndinanena ine. Nanga anaiwononga ndani? Ndi anyamata a ku Selous aja, eti?"

Keziya anayang'ana pansi. Nsapato za bambo ake zinali zoyera ndi fumbi la ulendo umene anayenda pachabe. Anafuna kunena kuti ndine, koma pamaso pa gulu lonselo anangogwedeza mutu pang'ono, kuvomera.

"Mwamva?" anatero a Lameck potembenukira anzawo. "Pakanapanda mwana ameneyu, mawa tikanabwezedwanso."

Amayi ena amene ganyu yawo inali itapita anayamba kumuombera m'manja pomuthokoza, ndipo Keziya anaima pakhomopo mpaka anamaliza.