Fungo la Paini M'nyenyeswa za Tayala

Chizuru ankadziwa kuti mwamuna wake sangamuuze, ndiye sanataye n'komwe nthawi kumufunsa. M'mawa wa Lamlungu anangomuikira mpunga ndi nsomba yootcha m'kabokosi. Tatsuhiko anavala jekete la kampani, n'kukhala pakhomo akumanga zingwe za nsapato mochedwa dala.

"Kukuzizira lero," anatero mwamunayo.

"Ndiye kuti phula likhala lozizira."

Tatsuhiko anadzutsa mutu. "Usandiyese, Chizu."

"Ine ndanena za nyengo. Kapena nayonso mwailowetsa m'chinsinsi cha kampani?"

Mwamunayo anaseka pang'ono, anapsompsona mwana wawo Nonoka pachipumi, n'kutuluka.

Awiriwa anadziwana ku labotale ya kampani yopanga matayala a galimoto za mpikisano, zija zokhala munthu mmodzi, mawilo ali pamtunda. Chizuru ndiye ankasakaniza mphira. Tayala lotere lilibe mizere, n'losalala ngati chidendene cha khanda. Limagwira msewu chifukwa likatentha limafewa n'kumamatirira phula. Likazizira limaterereka, likatentha mopitirira limatuluka matuza. Ntchito yonse ili pakatipo. Chizuru anaganiza zothira utomoni wa paini kuti mphira izifunda msanga m'nyengo yozizira, ndipo anzake ankamuseka kuti akupanga sopo wosambira. Anali atatsala pang'ono kuipezera pomwe anakhala ndi pakati. Adokotala anamuletsa kupuma utsi wa mankhwala. Mwana atabadwa, malo kosiya ana sanapezeke, ndipo tsiku lina anakabweza khadi lake lolowera pageti.

Lamulo la kumeneko n'loti wabweza khadi ndi mlendo, ngakhale mukufunda bulangeti limodzi. Matayala akatha ntchito amabwerera onse ku fakitale kukagayidwa, wakunja sakhudza ngakhale limodzi. Tsono Chizuru atamva pa wailesi kuti mpikisano wotsekera chaka ku bwalo la Suzuka uyesa tayala lofewa latsopano, mtima unakana kukhala pansi. Kodi ndi mphira yake ija, kapena anaitaya tsiku lomwe iye anatuluka? Ankatsuka mbale akuganiza zimenezo. Ankayanika matewera akuganiza zomwezo. Tatsuhiko akabwera kuchokera ku ntchito, Chizuru ankanunkhiza malaya ake asanawachape, koma kampani inali yochenjera: zovala za m'labotale zimatsala komweko.

Chizuru anafika ku bwalo la mpikisano dzuwa litakwera, Nonoka ali kumsana, makutu atamutseka ndi zotchingira phokoso zazikulu kuposa mutu wake. Pa udzu wa pafupi ndi makona okhotakhota anapeza a Kuwabara, nkhalamba ya pafupi ndi kwawo yomwe kale inkagulitsa maswiti ndipo sinaphonyepo mpikisano. Anali atayala kale kamphasa kawo.

"Eee, mayi Chizuru! Mwabwera kudzaona galimoto, kapena kudzalondera amunanu?"

"Ameneuja angabedwe ndi ndani, agogo? Amanunkha girisi."

"Girisi ndi amene anakukopani inu. Khalani apa. Kamwanaka mwakaveka ngati woyendetsa ndege."

Galimoto zitanyamuka, nthaka inanjenjemera mpaka m'mafupa. Anthu ankayang'ana amene ali patsogolo. Chizuru ankayang'ana pansi, pomwe tayala limakumana ndi phula. Anaona oyendetsa akupinda makona molimba mtima kuyambira ulendo woyamba, matayala asanatenthe bwino, popanda kumbuyo kwa galimoto kugwedezeka. Koma pofika pakati pa mpikisano, ena anayamba kutuluka pamzere, akukhota motalikira ngati munthu woyenda pa madzi oundana.

"Mukulankhula nokha," anatero a Kuwabara.

"Sindikulankhula."

"Milomo ikuyenda. Ndimayesa mukupemphera."

Nonoka anayamba kulira. Chizuru anakamusintha thewera kuseri kwa mtengo, ndipo pobwerera anapeza mpikisano watha, osadziwa n'komwe wapambana ndani. Analibe nazo ntchito. Iye ankadikira za pambuyo pake.

Ku Suzuka mpikisano ukatha amatsekula mageti, anthu n'kulowa kuyenda pa msewu womwewo. Ambiri amatola nyenyeswa za matayala, timibulu takuda timene timathothoka galimoto zikamakhota n'kuunjikana m'mbali. Amakaika m'timabotolo pa shelefu. Zimenezo zokha ndiye kampani singazitolere zonse.

Chizuru anagwada pa phula. Anatola kambulu kamodzi, n'kukaika pamphuno. Palibe. Anatola kena, kakakulu. Fungo la fumbi basi. Nonoka naye anatola kake n'kulunjika nako pakamwa.

"Lavula! Iwe, si chakudya chimenecho."

"Watengera mayi ake," anatero a Kuwabara, akuwefuka pambuyo pawo. "Nanunso mwatsala pang'ono kudya."

Chizuru sanaseke. Anakhala pansi pa phula lozizira, m'manja muli bii. Mwina mphira yake ija anaitayadi. Mwina wina anabwera ndi nzeru zake, ndipo za paini zija zinangokhala nthabwala ya pa nthawi ya tiyi. Anakumbukira kutentha kwa makina opondera mphira, ndi mmene chipinda chonse chinkanunkhira ngati nkhalango akangotsekula chivindikiro.

Kutentha. Anayang'ananso kambulu kaja. Mphira yozizira sinunkha, ndipo iye ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense.

"Agogo, chitini cha khofi chija chikadali chotentha?"

A Kuwabara anagwira thumba la jekete. Anali atangochitenga m'makina ogulitsa zakumwa kuti azifunditsira manja. "Ayi, ayi. Khofi wanga ameneyu."

"Sindikumwa. Ndibwerekeni."

Anakanikiza kambuluko pa chitini ndi chala chachikulu, n'kudikira. Atanunkhiza, linali fungo la mafuta wamba. Anakatsina: kanali kouma, ka tayala lolimba. Anaimirira, anapereka Nonoka kwa nkhalamba ija, n'kuyenda mpaka kunja kwa kona yothina, komwe galimoto zimakhota mwamphamvu. Kumeneko anasankha ndi zala, kutaya zouma, mpaka anapeza kamodzi kofewa, kotambasuka ngati chingamu. Anakamata pa chitini, n'kuphimba ndi zikhatho zonse ziwiri.

Atatsekula manja, fungo linakwera. Linali lochepa, lobisala pansi pa utsi ndi fumbi, koma linali la paini.

Anakhala chiimire, chitini chili pamphuno, anthu akumulambalala.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa a Kuwabara.

"Sopo wanga," anatero Chizuru.

"Amayi awa khofi wawazunguza mutu asanamwe."

Chimwemwe chake sichinakhalitse. Anayala nyenyeswa zofewazo pachikhatho n'kuona kuti zinali zochuluka kwambiri, ndiponso zazitali ngati timizere tong'ambika, osati tozungulira. Mphira inkafunda msanga, inde, koma pamwamba pokha. Mkati munkatsala mozizira, ndiye khungu linkang'ambika. Ndi chifukwa chake galimoto zinayamba kuterereka pakati pa mpikisano. Vuto lomwelo ndi limene analisiya pa tebulo tsiku lotsanzika. Linali likumudikirabe.

Chizuru anakapeza Tatsuhiko ku mpanda wa waya, kuseri kwa magalaja, akugubuduzira matayala otha m'lole. Mwamunayo ataona mkazi wake, mwana kumsana, mphuno ili ndi kadontho kakuda, anaima.

"Papa!" anakuwa Nonoka.

Tatsuhiko anayandikira mpandawo, n'kulowetsa chala kuti mwana agwire. Kenaka anaona chitini ndi mphira itamata pamenepo. Anayang'ana kumbali kuti aone ngati abwana ali pafupi.

"Ine sindinanene kanthu," ananong'ona.

"Simunanene. Inetu ndatola zinyalala pamsewu ngati wina aliyense."

"Chizu..."

"Ikung'ambika pamwamba. Mwachulutsa utomoni, mkati simukufunda."

Tatsuhiko analuma mlomo. Sanavomere, sanakane, koma makutu ake anafiira ngati mmene ankachitira kale Chizuru akamupeza ndi cholakwa mu zoyesa zake.

"Kosiya ana kwa pafupi ndi siteshoni akuti kwapezeka malo," anatero Chizuru. "Mawa mumuperekeza ndinu. Thewera lapadera lili m'thumba lam'mbali, ndipo sadya karoti pokhapokha mutamuphwanyira."

"Nanga iwe?"

"Ndikukaonana ndi abwana anu. Akandikana, andikane ndili pamaso pawo."

"Akakufunsa kuti wadziwa bwanji."

"Ndikawapatsa chitinichi."

"Chitinicho n'changa!" anakuwa a Kuwabara chapatali.

Wina anaitana Tatsuhiko kuchokera m'lole, ndipo anabwerera ku matayala ake akucheuka. Chizuru anatsalira pa mpanda, akuyang'ana matayalawo akulowa limodzilimodzi, pafupi kwambiri moti akanatha kuwagwira pakanapanda wayayo. Chitini chinali chitayamba kuzizira. Anachilowetsa m'kati mwa jekete, pakhungu, kuti fungolo lisathe asanafike kunyumba.