Chigubu Chovala Juzi

Tsiku lomwe ana anadwala pasukulu ya kwathu kuno ku Mkanda, Tabeth anali asanatsuke n'komwe beseni lake la masikono. Belu litangolira kuti buleki yatha, mtsikana wina wa Sitandade 2 anayamba kusanza pakhomo pa kalasi. Kenako wina, kenako enanso, thukuta lili kamukamu, dovu likuchucha ngati makanda. Aphunzitsi atafunsa chomwe adya, onse anatchula chinthu chimodzi: sikono ya amake Dyna.

Amake Dyna ndiye Tabethyo. Iye ndi mwamuna wake Mateyo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya yomwe ili kutsidya kwa dambo. Paja chiyambire sukulu yaulere ana anachuluka mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mtengo, ndiye amayi ambiri anayamba timalonda pampanda wa sukulu. Wina zitumbuwa, wina chinangwa chophika, wina mtedza wokazinga. Koma masikono ankaphika Tabeth yekha. Uvuni analibe. Ankandandalika tizitini mumpoto waukulu, makala pansi, chilata pamwamba, makala enanso pachilatapo. Akaphula ankawapaka mafuta akadali otentha, moti ankanyezimira munthu uli patali.

Komanso mayiyu manja ake sankadziwa kukhala chete. Ankagula majuzi akutha pa kaunjika, n'kuwamasula, ulusiwo n'kumalukira zinthu ndi kasingano kake ka ngowe. Kanyumba kake kanali ka udzu ngati ka tenanti aliyense, koma mukalowamo, inu, chilichonse chinali chovala. Wayilesi inali ndi kansalu koluka kotchedwa doyilo, tebulo doyilo, ndowa doyilo. Anthu ankanena kuti tsiku lina tidzaona Mateyo akupita kumunda doyilo lili pamutu. Ankanena moseka, koma kuseka kwake kunali kwa nsanje.

Ana aja anawathamangitsira kuchipatala panjinga, ndipo mwa chisomo cha Mulungu onse anachira. Ahedi anamuitana Tabeth ku ofesi.

"Mayi, muyambe mwaima kaye kugulitsa pano," anatero.

"Koma aphunzitsi, inunso mwakhala mukudya masikono anga chaka chonsechi."

"Ndikudziwa. Koma makolo akwiya. Imani kaye."

Kumjigo nkhani inali itapsa kale. Woitsogolera anali Veronika, mayi wa m'mudzi momwemo yemwe ankagulitsa zitumbuwa moyandikana ndi Tabeth, ndipo zitumbuwa zakezo zinkabwerera kunyumba masiku ambiri.

"Ine ndinkanena, inu mumati ndi nsanje," anatero Veronika akupopa madzi. "Sikono yanji yoti mwana akalawa lero, mawa akulilira yomweyo? Muli kanthu mmenemuja."

"Akuti obwerawa amayenda ndi mankhwala okokera malonda," anatero wina.

"Ndiye ulendo uno dzanja lalemera, wachulutsa muyezo."

Tabeth anafika ndi ndowa yake akumva zonsezo. Palibe anamusunthira malo pamzere. Palibenso anamuthandiza kusenza. Anadzisenza yekha, madzi akumutayikira m'khosi, n'kubwerera kunyumba.

Sizinathere pomwepo. Akapitawo a pa esiteti, a Dickson, anamupeza Mateyo akuthyola fodya.

"Achimwene, a kumudzi abwera kudzadandaula kwa abwana. Abwana safuna mikangano ndi eni dera. Nkhani ya mkazi wanuyi ikapanda kuyera, mulongedza."

"Fodya yense ali m'mundamu, akapitawo?"

"Fodya ndi wa esiteti. Inu mulongedza katundu wanu."

Mateyo anafika kunyumba maso ali psuu. Kuchoka nthawi imeneyo kunali kutaya thukuta la chaka chonse, n'kubwerera ku Phalombe chimanjamanja, komanso ndi mbiri yoti mkazi wake amadyetsa ana a eni mankhwala.

"Amake Dyna, ndiuzeni zoona, ndine mwamuna wanu. Munapita kwa sing'anga?"

Tabeth anamuyang'anitsitsa. Za Veronika zinamupweteka, koma izi zinamulasa penipeni.

"Inunso, bambo ake Dyna? Sopo yemwe mumasambira amachokera kuti? Si m'masikono momwemo?"

"Ine ndangofunsa."

"Chabwino. Muona."

Apa ndi pomwe Tabeth analakwitsa kwambiri, ngakhale mtima wake unali woyera. M'mawa mwake anakanda ufa, anayatsa makala, n'kuphika masikono monga mwa masiku onse. Anayala mphasa panja, panjira pomwe amayi amadutsa popita kumjigo, kuti aliyense aone. Anatenga sikono n'kudya. Anapatsa Mateyo. Kenako anaitana Dyna, mwana wake yekhayo, yemwe anali asanayambe n'komwe sukulu.

"Idya, mwanangu. Idya aone ngati mayi ako ndi mfiti."

Dyna anakondwa, paja masiku ena ankangonyambita tizitini. Anadya mpaka kamimba kanatuluka. Amayi odutsa ankayang'ana cham'mbali ndowa zili pamutu.

Dzuwa lisanafike paliwombo, Dyna anagwira pamimba n'kuyamba kulira. Anasanza, thukuta linamutuluka, miyendo inalefuka. Tabeth nayenso mutu unkamuwawa, koma sanaumve n'komwe. Anabereka mwana n'kuthamangira kwa Esnart, mlangizi wa zaumoyo yemwe amayeza ana sikelo m'dera lathu. Anthu amangomuti adokotala.

Esnart anamutsegula mwanayo chikope n'kuyang'ana. Kamwana ka m'diso kanali katachepa ngati njere ya fodya.

"Mwanayu wadya mankhwala ophera tizilombo," anatero. "Musamumwetse mkaka kapena china chilichonse. Tiyeni kuchipatala pompano."

"Mankhwala ati, adokotala? Wadya sikono basi. Ndamupatsa ndine, ndi dzanja langali."

"Zimenezo tikambirana. Kwerani njinga."

Dyna anagonekedwa. Anamubaya jekeseni, anamuika diripi, ndipo patapita masiku anayamba kukhala tsonga n'kupempha phala. Koma kumudzi, eti anthu m'malo momva chisoni anawonjezera nkhuni. Akuti Veronika anauza anzake kuti, "Mwaona? Mankhwala aja akasowa mwana wa eni amatembenukira wa m'nyumba."

Mwana atatuluka, Esnart anabwera kunyumba kwa Tabeth. Sanabwere ndi mafunso a ufiti ayi. Anakhala pampando n'kunena kuti, "Amake Dyna, ndionetseni mmene mumaphikira. Chilichonse chomwe chimalowa m'sikono ndichione."

Tabeth anatulutsa ufa wa tirigu. Esnart anaununkhiza. Anatulutsa shuga, yisiti, mchere, tizitini, chilata.

"Ufawu simusunga pafupi ndi mankhwala a fodya?"

"Ayi, mankhwala amakhala kusitolo ya esiteti."

"Nanga chasintha n'chiyani masiku ano? Paja kale ana sankadwala."

"Palibe. Mwina mafuta. Kale ndinkagula oyeza pang'onopang'ono pagolosale. Mwezi wathawu mnzanga wina wopita ku Chipata anandigulira ambiri nthawi imodzi, otsika mtengo. Anabwera nawo m'chigubu chake, ine n'kukhuthulira m'changa."

"Chanucho chili kuti?"

Tabeth analoza pakona. Panali chigubu chokongola zedi, chovala juzi yoluka ya ulusi wofiira ndi wachikasu, ya mizeremizere, yokhala ndi kabowo ka chogwirira ndi kachingwe komangira pakhosi. Ngakhale Esnart anayamba wayamikira kaye.

"Luso muli nalo, asisi. Koma tachivulani."

Tabeth anamasula kachingwe n'kukoka juzi ija. Pepala la pachigubucho linali lopalidwa, koma m'munsi munatsala mzere wofiira, ndipo pamzerepo panali chithunzi cha chibade cha munthu ndi mafupa awiri opingasa.

"Munachitenga kuti chimenechi?"

"Anatipatsa akapitawo titatha kupopera nazale. Amagawa chaka chilichonse, anthu amachita kulimbirana. Koma ndinachitsuka, adokotala. Sopo, phulusa, mchenga, madzi owira. Ndinachiyanika padzuwa mpaka fungo lonse linatha."

"Nanga juziyi?"

Tabeth anayankha kuti, "Dyna ankaopa chithunzicho. Ankalira akachiona. Ndiye ndinati ndichiveke."

Atanena zimenezo anakhala pansi, juzi ili m'manja, misozi ikungotsika yokha.

Esnart anamudikira, kenako analankhula pang'onopang'ono. "Mverani, asisi. Pulasitiki amamwa mankhwala. Mungatsuke bwanji, ena amatsalira m'kati mwa pulasitikimo, ngakhale fungo litatha. Ndiye mafuta ndi oipa kuposa madzi, amasungunula mankhwalawo n'kuwatulutsa. Inu mumathira mafutawo mu ufa, mumapaka m'tizitini, mumapakanso pamwamba. Wamkulu amangomva mutu ndi m'mimba. Mwana thupi lake ndi laling'ono, akhoza kufa."

Mateyo, yemwe anaima pakhomo nthawi yonseyi, anangoti, "Ndi ine ndinabwera nacho chigubucho."

Tabeth sanamuyang'ane.

Esnart anakapempha ahedi kuti aitanitse makolo. Anthu anabwera ambiri, ena kudzamva, ena kudzaona mmene wobwera athamangitsidwire. A Dickson nawo analipo. Esnart anakweza chigubu chija m'mwamba n'kufotokoza zonse monga anafotokozera Tabeth.

Veronika sanadikire kuti amalize. "Ndiye tinkanama pati? Poizoni ndi poizoni basi. Ana athu akanafa."

"Zoona, akanafa," anatero Esnart. "N'chifukwa chake ndikufunsa. Ndani pano ali ndi chigubu ngati ichi kunyumba? Chotungira madzi, chosungira mchere, chonyamulira thobwa kumunda. Akweze dzanja."

Anthu ankayang'ana pansi, ena kuyang'ana mtengo ngati mwagwa chinthu. Kenako agogo ena aamuna anakweza. Mayi wina anakweza. Manja anayamba kutuluka uku ndi uku mpaka anachuluka kuposa omwe sanakweze. Veronika anapinda manja ake pachifuwa. Koma mwamuna wake, yemwe anakhala kumbali ya abambo, anakweza lake.

"Kwathu zilipo," anatero. "China ndi chomwe amake mwana amasungiramo madzi okandira zitumbuwa."

Anthu ena anaseka, koma Tabeth sanaseke.

A Dickson anaimirira. "Ine ndimangothandiza anthu. Amandipempha okha, ena mpaka kundibweretsera nkhuku."

"Kuyambira lero muziwakaniza," anatero Esnart. "Mankhwala akatha, tsukuluzani chigubu, madziwo muthire mumpope wopoperamo. Kenako chiboolenibooleni kuti wina asachitole, n'kuchikwirira m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime ndi dambo. Osachiwotcha, utsi wake ndi woipanso."

Anagwirizana zomwezo. Loweruka lotsatira abambo anakumba dzenje kumalire a esiteti, ndipo zigubu zinabwera zambiri moti munthu umadabwa kuti mudzi wonsewu unali moyo bwanji. Mateyo ndi amene ankaziboola ndi chisenga. Za kulongedza zija a Dickson sanazitchulenso, ndipo fodya wake Mateyo anamuthyola yense mpaka kumanga mabelo.

Ahedi anamuuza Tabeth kuti abwerere pampanda. Tabeth anataya mafuta onse aja m'dzenje lomwelo, anagula tizitini tina, ndipo mafuta anayamba kusunga m'botolo lomwe munali mafuta ophikira kuchokera kusitolo. Tsiku loyamba ana ankangozungulira beseni osayandikira, paja makolo anali atawaopseza kwambiri. Ahedi anatuluka mu ofesi, anagula sikono, n'kuidya ataimirira pomwepo ana onse akuona. Mawa lake beseni linatha buleki isanathe.

Koma ndikuuzeni, mwa anthu onse omwe anamutcha mfiti, palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukanena kuti pepani. Amangomupatsa moni ngati palibe chinachitika, ena mpaka kumupempha kuti awalukire zipewa za ana. Amawalukira, koma salankhula zambiri. Ndipo Dyna mpaka pano sadya sikono. Mayi ake akamaphula, iye amakakhala kuseri kwa nyumba.

Ndiye anzanga, chigubu kapena botolo lomwe munali mankhwala a mbewu si chiwiya cha pakhomo. Ngakhale mutsuke chotani, musasungiremo madzi, mafuta, mchere, thobwa kapena chakudya chilichonse. Chibooleni n'kuchikwirira kutali ndi madzi. Munthu akayamba kusanza, kutuluka thukuta ndi dovu atadya kanthu, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo ana akadwala, itanani a zaumoyo afufuze chomwe chavuta musanaloze mnzanu chala, chifukwa chomwe chawadwalitsacho mwina chili pakona m'nyumba mwanu momwe.